Nzeru za makina zinathandiza apolisi ku Ulaya, nanga kumalire kuno zingagwire ndani?

Pa 24 Marichi 2020, pa sikelo yoyezera magalimoto ya Mussacama m'boma la Moatize, anaimitsa thiraki yomwe inkachokera mbali ya ku Malawi. Ogwira ntchito pamalopo anamva kugogoda kuchokera mkati mwa kontena. Atatsegula anapezamo anthu 78 ochokera ku Ethiopia. Mwa iwo, 64 anali atafa kale chifukwa chosowa mpweya, ndipo 14 okha ndi amene ankapumabe. Dalaivala ndi womuthandiza wake anamangidwa.

Dalaivala ngati ameneyu amakhala kumchira kwenikweni kwa ntchitoyi. Kuti mnyamata achoke kummwera kwa Ethiopia, adutse Kenya, Tanzania ndi Malawi, alowe m'chigawo cha Tete pa ulendo wa ku Joni, pamakhala anthu ambiri odyerapo. Pali wokopa achinyamata kumudzi kwawo, wolandira ndalama kwa achibale, wosunga anthu m'nyumba zobisika, wowatsogolera m'tinjira usiku, ndi wopereka ziphuphu kuti maso ena atsinzine. Ambiri mwa iwo sadziwana nkhope, amangodziwana pa nambala ya foni. Njirayi sinatsekeke ndi imfa za ku Mussacama. Mu Okutobala 2022 apolisi a ku Malawi anafukula mitembo pafupifupi 30 m'nkhalango ya Mtangatanga ku Mzimba, ndipo mu Disembala chaka chomwecho mitembo 27 inapezeka itatayidwa m'mbali mwa msewu ku Ngwerere, pafupi ndi Lusaka. Konseku akuluakulu anati omwalirawo ankaoneka kuti anali ochokera ku Ethiopia.

Upandu wamtundu umenewu, wochitidwa ndi gulu lokhala ndi dongosolo, ndalama ndi nthambi m'maiko angapo, ndi umene maboma ambiri tsopano akuti authana nawo pogwiritsa ntchito nzeru za makina, zomwe ambiri amangoti AI, pa Chipwitikizi IA. Mawuwa amveka kwambiri m'misonkhano moti ena ayamba kuganiza kuti ndi ula wa azungu woloza wakuba. Si choncho. Ndi pulogalamu ya pakompyuta yomwe imaonetsedwa zitsanzo zambirimbiri mpaka itazolowera maonekedwe a chinthu, kenako n'kumafufuza chinthu chofanana nacho m'mulu waukulu womwe munthu sangathe kuuwerenga yekha. Pomwe njirayi inaonetsa mphamvu zake poyera ndi pa nkhani ya mafoni a EncroChat ku Ulaya, miyezi yochepa chichitikire ngozi ya ku Mussacama.

EncroChat inali kampani yogulitsa mafoni apadera. Foni imodzi inkagulidwa pa mayuro pafupifupi 1,000, ndipo kuti igwire ntchito kwa miyezi isanu ndi umodzi mwini wake ankalipira ena 1,500. Anaichotsa kamera, chojambulira mawu ndi kachipangizo kosonyeza pomwe munthu ali. Inali ndi nambala yachinsinsi yoti munthu akaitayipa zonse za m'fonimo zinkafufutika nthawi yomweyo. Ogulitsa mankhwala ozunguza bongo, ozembetsa mfuti ndi aganyu opha anthu ankaikhulupirira kwambiri, moti ankalemberana mosabisa mawu, kutchula mitengo, malo ndi maina, n'kumatumizirana zithunzi za katundu.

Apolisi a ku France anayamba kuzilondalonda mu 2017. Anapeza kuti makompyuta aakulu odutsira mauthengawo anali mumzinda wa Roubaix, m'dziko lawo lomwelo. Mogwirizana ndi anzawo a ku Netherlands, analowetsa pulogalamu yawo m'mafoniwo ndipo kuyambira mu Epulo 2020 ankawerenga zonse. Kampaniyo inazindikira pakati pa mwezi wa Juni, n'kutumizira makasitomala ake uthenga woti azimitse mafoniwo ndi kuwataya. Koma madzi anali atafika kale m'khosi. Bungwe la apolisi a maiko a ku Ulaya la Europol linanena kuti ofufuza anali ndi mauthenga oposa 115 miliyoni a anthu oposa 60,000.

Apa ndi pomwe makina anafunika. Wapolisi mmodzi atati aziwerenga mauthenga 1,000 pa tsiku osapuma ngakhale Lamulungu, angafunike zaka zoposa 300 kuti amalize mulu umenewu. Ndipo mkati mwake munali mauthenga ena osafunika kudikira mawa: wakuti aphedwe usiku uno, wakuti abedwe pakhomo pake. Akatswiri a bungwe la boma la Netherlands lofufuza umboni wa milandu anaphunzitsa pulogalamu kuzindikira mauthenga onena za kupha, kuba munthu ndi kuzunza, kuti izikankhira amenewo pamwamba apolisi awaone msanga. Mu Juni 2020, potsatira mauthenga a EncroChat, apolisi anapeza makontena asanu ndi awiri pamudzi wa Wouwse Plantage, pafupi ndi malire a Belgium. Asanu ndi limodzi anawakonza ngati zitokosi, ndipo limodzi linali chipinda chozunziramo anthu, chokhala ndi mpando wa dokotala wa mano ndi malamba omangira. Omwe ankati akawatsekeremo anachenjezedwa nthawi isanathe. Ku Britain apolisi analengeza pa 2 Julayi 2020 kuti amanga anthu 746 ndi kulanda mapaundi 54 miliyoni. Pofika mu Juni 2023, Europol inati omangidwa onse anakwana 6,558, ndalama zolandidwa kapena kutsekedwa zinali pafupifupi mayuro 900 miliyoni, kuphatikiza matani oposa 100 a kokeni.

Zofanana nazo zinachitikanso mu 2021 ndi mafoni a Sky ECC, komanso a ANOM omwe apolisi a FBI a ku America ankawayendetsa mwachinsinsi n'kuwagulitsa kwa apandu mwaukathyali.

Ziwerengerozi n'zokopa, ndipo ogulitsa mapulogalamu amazikonda. Koma chofunika kuchiona bwino ndi ichi: makinawo sanapeze umboni. Umboni unapezedwa ndi apolisi omwe anatha zaka zitatu akufufuza, oweruza omwe anapereka chilolezo, ndi maiko omwe analola kugawana zomwe apeza. Ntchito ya makina inali yopeta, ngati mayi ndi lichero, kusiyanitsa mphale ndi gaga. Lichero silibweretsa chimanga pakhomo. Chinanso n'chakuti mulu wa EncroChat unali wa mtundu wapadera, chifukwa akuluakulu a ku France anati ochuluka zedi mwa eni mafoniwo anali apandu. Popeta mulu wotere, mwayi wolakwira munthu wosalakwa ndi wochepa. Ngakhale zinali choncho, maloya akhala akulimbana nawo umboniwu m'makhoti, ndipo mu Epulo 2024 khoti lalikulu la mgwirizano wa maiko a ku Ulaya linagamula kuti woweruza asaugwiritse ntchito ngati woimbidwa mlandu sanapatsidwe mpata weniweni woutsutsa.

Nanga kuno mulu wopetawo ndi uti?

Magulu a zaupandu odutsa m'dziko muno sadalira mafoni a mayuro 1,000. Mu 2018 wofufuza Joseph Hanlon, yemwe walemba za Mozambique kwa zaka zambiri, anayerekeza kuti matani 40 kapena kuposa a heroini amadutsa m'dziko lino chaka chilichonse. Amabwera pa ngalawa kuchokera kugombe la Pakistan ndi Iran, amatsitsidwa kumpoto, kenako n'kuyenda pamsewu mpaka ku Johannesburg. Iye anafotokoza kuti gawo lina la malondawa limayendetsedwa pa mauthenga a foni monga WhatsApp: dalaivala amangolandira uthenga woti akatenge katundu pakuti, akasiye pakuti, osadziwa yemwe wamutuma. Kutanthauza kuti apandu amasambira m'dziwe lomwelo lomwe mumasambira aliyense. Amagwiritsa ntchito ma SIM a Vodacom, Movitel ndi Tmcel, amatumizirana ndalama pa M-Pesa, e-Mola ndi mKesh, amakwera njinga zamoto zomwezo za kabaza. Choncho mulu womwe makina angapatsidwe kuno si wa apandu okha ayi. Ndi mulu wa anthu onse, ndipo apandu ndi ochepa kwambiri mkati mwake.

Kwa anthu a m'malire nkhaniyi ndi yaikulu kuposa kwa a mumzinda wa Maputo. Malire a Mozambique ndi Malawi ndi otalika pafupifupi makilomita 1,500, ndipo pakati pa Dedza ndi Ntcheu msewu weniweniwo ndiwo malire. Pali zipata zodziwika monga Zóbuè, Calómuè ndi Biri-Biri, komanso Cassacatiza kumbali ya Zambia, koma tinjira todutsa m'minda n'tosawerengeka. Mlimi wa ku Tsangano amagulitsa mbatatesi zake pa Lizulu. Mayi wa ku Domuè ali ndi mchemwali wake wokwatiwa ku Dedza, ndipo maliro akagwa sayang'ana chidindo cha pasipoti. Foni yake ili ndi ma SIM awiri, wa kuno ndi wa Airtel kapena TNM, chifukwa pamudzi pake netiweki yomwe imakoka bwino ndi ya tsidya linalo. M'thumba muli mametikali ndi makwacha.

Tsopano pulogalamu yophunzitsidwa kusaka wozembetsa katundu imayang'ana chiyani? Munthu wodutsa malire kawirikawiri, wosinthasintha ma SIM, woyenda usiku kapena m'bandakucha, wogwira ndalama za maiko awiri. Yosaka otsuka ndalama zakuba imayang'ana nambala yolandira tindalama ting'onoting'ono kuchokera kwa anthu ambiri, kenako n'kutapa zonse kamodzi. Umu ndi momwe wozembetsa anthu amalandirira malipiro. Koma ndi momwenso imaonekera nambala ya msungichuma wa chipereganyu, ya wogula soya m'midzi m'malo mwa bwana wa ku Ulónguè, kapena ya mnyamata yekhayo amene ali ndi foni pabanja lonse, yemwe agogo, amalume ndi azakhali onse amalandirira ndalama zochokera ku Joni kudzera mwa iye. Makina sadziwa kuti mwezi wa Meyi ndi Juni ndi wokolola, pokhapokha wina atawaphunzitsa.

Masamu ake ndi osavuta. Tiyerekeze kuti pulogalamu imalakwitsa kamodzi kokha pa anthu 100 alionse, zomwe ogulitsa angati n'zapamwamba kwambiri. Ikapatsidwa nambala za anthu 1 miliyoni, iloza anthu osalakwa 10,000. Ngati apandu enieni m'gululo ali 200, ndiye kuti pa munthu mmodzi wolakwa pali osalakwa 50 oti aitanidwe kupolisi, atsekeredwe akaunti kapena alandidwe katundu pachipata. Kwa mlimi amene matumba ake a mbatatesi agona masiku atatu padzuwa podikira kuti "zifufuzidwe", kupepesa kwa pambuyo sikubweza kanthu.

Izi si zongoopseza. Dziko lomwe lija la Netherlands, lomwe linachita bwino pa EncroChat, linapsa nazo pa nkhani ina. Nthambi yake yotolera misonkho inkagwiritsa ntchito pulogalamu yoloza mabanja omwe akuganiziridwa kuti akuba ndalama za boma zothandizira kulera ana, ndipo chimodzi mwa zizindikiro zomwe ankaziona ngati zokayikitsa chinali kukhala nzika ya maiko awiri kapena yochokera kunja. Mabanja masauzande ambiri anawanamizira, n'kuwalamula kubweza ndalama zomwe analibe. Ena maukwati anatha, ena nyumba zinapita. Nkhaniyo itaululika, boma lonse la nduna yaikulu Mark Rutte linatula pansi udindo mu Januwale 2021. Munthu wa m'malire, yemwe moyo wake wonse uli mwendo kuno mwendo uko, ndi woyamba kugwa mumsampha wotere.

Makamera ozindikira nkhope nawonso ali ndi vuto lawo. Mu Disembala 2019 bungwe la boma la America loona za miyezo la NIST linayesa mapulogalamu 189, n'kupeza kuti ambiri ankasokoneza nkhope za anthu a ku Africa ndi a kummawa kwa Asia mowirikiza ka 10 mpaka ka 100 kuposa za azungu. Mwezi wotsatira, bambo wina wakuda wa kufupi ndi mzinda wa Detroit anamangidwa pamaso pa ana ake n'kugona m'chitokosi chifukwa makina anamufanizira ndi wakuba mawotchi yemwe sanali iye. Mapulogalamu ena awongoleredwa kuchokera nthawi imeneyo, koma wogula amayenera kuwayesa pa nkhope za anthu ake, osati kungokhulupirira kabuku ka wogulitsa.

Palinso chilankhulo. Pulogalamu ya ku Netherlands ija inagwira ntchito chifukwa anaiphunzitsa ndi mauthenga a chilankhulo cha komweko, kuphatikizapo zining'a za apandu ake. Kumalire kuno uthenga umodzi umatha kuyamba m'Chichewa, kudutsa m'Chipwitikizi n'kuthera m'Chingerezi, ndipo nthawi zambiri sulembedwa n'komwe, umangojambulidwa mawu. Munthu akanena kuti "mbuzi zafika, mubwere ndi galimoto usiku", angakhale akunena za anthu ozembetsedwa, angakhalenso akunena mbuzi zenizeni zopita kumsika. Wapolisi wobadwira ku Angónia angathe kusiyanitsa pomva kamvekedwe ka mawu ndi kudziwa wolankhulayo. Makina omwe Chichewa amachidziwa mwapatalipatali sangathe.

Zonsezi sizikutanthauza kuti nzeru za makina zilibe ntchito kuno. Ili ndithu, koma ili pa mulu waung'ono, wosankhidwa bwino. Nthawi iliyonse apolisi akagwira thiraki ya anthu ozembetsedwa, minyanga ya njovu, matabwa odulidwa mozemba kapena ng'ombe zakuba, amalanda mafoni. M'mafonimo muli nambala, mauthenga ndi malisiti a ndalama. Foni imodzi payokha imangoonetsa dalaivala ndi womutuma. Koma mafoni 500 a milandu yosiyanasiyana ya ku Tete, Mzimba, Chipata ndi Lusaka ataikidwa pamodzi, pulogalamu ingaone m'mphindi zochepa kuti nambala inayake ikupezeka m'milandu khumi, kapena kuti ndalama za madalaivala osadziwana zikuchokera ku akaunti imodzi. Mulu umenewu ndi wofanana ndi wa EncroChat, chifukwa unachokera kwa anthu ogwidwa kale ndi mlandu, osati kwa aliyense wodutsa pa Calómuè ndi thumba la nyemba. Ndipo umalozera kumtunda, kwa eni ntchito, osati kumunsi kwa onyamula.

Mabungwe oti achite izi alipo kale. Kuno kuli SERNIC yofufuza milandu, GIFiM yolondola kayendedwe ka ndalama zokayikitsa, ndi ofesi ya loya wamkulu wa boma. Apolisi a maiko a kummwera kwa Africa ali ndi mgwirizano wawo wa SARPCCO kuyambira 1995, ndipo onse ndi mamembala a Interpol. Mu Okutobala 2022 bungwe la FATF, loona za kutsuka ndalama padziko lonse, linaika Mozambique pa mndandanda wa maiko ofunika kuwayang'anitsitsa, zomwe zinakakamiza mabanki ndi makampani a ndalama za pafoni kukhwimitsa kalondolondo wa makasitomala awo. Chomwe chimavuta si kompyuta. N'chakuti wapolisi wa ku Moatize ndi mnzake wa ku Mwanza, omwe atalikirana ulendo wa maola ochepa, atumizirane zomwe apeza mlandu usanazizire, komanso kuti mafoni olandidwa asungidwe bwino mpaka afike kukhoti.

Ndipo pali nkhani ina yomwe pulogalamu iliyonse singaikonze. Mu 2022 yemwe anali loya wamkulu wa boma, a Beatriz Buchili, anauza nyumba ya malamulo kuti m'magulu oba anthu n'kumafuna dipo mukupezeka apolisi ena, maloya ndi oweruza. Makina angathe kunena kuti thiraki yakuti itsegulidwe, koma wotsegula ndi munthu. Ngati munthuyo walandira kale zake, chenjezo la pakompyuta lingosanduka chida chokwezera mtengo wa chiphuphu. Choipa kwambiri n'chakuti chida chotha kuona yemwe amaimbirana ndi yani chikagwa m'manja mwa munthu wodya ndi apandu, chingathandize gululo kudziwa amene akuwaulula. Ubwino umodzi wa makina oyendetsedwa bwino ndi woti amasunga mbiri: chenjezo linabwera nthawi yakuti, analiona ndi wakuti, anachita zakuti. Pulogalamu yopanda mbiri imeneyi, kapena yomwe mbiri yake saiona wina wapadera, ndi yosayenera kuigula.

Malamulo oteteza nzika pa nkhaniyi akusiyana m'maiko atatuwa. Zambia inakhazikitsa lamulo loteteza mbiri ya munthu yosungidwa pamakina mu 2021, Malawi mu 2024. Kuno ndime 71 ya malamulo aakulu a dziko imaika malire pa kagwiritsidwe ntchito ka makompyuta posunga mbiri ya anthu, ndipo imapatsa munthu ufulu woona zomwe zalembedwa zokhudza iye ndi kuzikonzetsa ngati zili zolakwika. Maiko a ku Ulaya anapita patali: lamulo lawo la nzeru za makina, lomwe linayamba kugwira ntchito mu Ogasiti 2024, limaletsa kuloza munthu kuti adzapalamula mlandu pongotengera mtundu wa moyo wake kapena makhalidwe ake, popanda umboni weniweni womukhudza. Funso lomwe mlimi wa ku Macanga kapena ku Chifunde angafunse phungu wake ndi lapafupi: akaunti yanga ikatsekedwa chifukwa makina andikayikira, ndikadandaule kwa yani, m'chilankhulo chanji, ndipo yankho libwera pakatha masiku angati?

Apandu nawo sakugona. Mauthenga achinyengo aja oti "ndalama ija mutumize pa nambala iyi" akhala akuvutitsa anthu kwa zaka, ndipo tsopano pali mapulogalamu otha kutsanzira mawu a munthu atangomva kachidutswa kochepa ka kulankhula kwake. Mawu a mwana yemwe ali ku Joni akupempha ndalama mwachangu salinso umboni wokwanira kuti ndi iyeyo, mpaka kholo litamuimbira pa nambala yomwe likuidziwa.

Koma pomwe anthu a m'midzi akukhudzidwa kale lero, makina apamwambawo asanafike n'komwe, ndi pa ma SIM ndi maakaunti a ndalama za pafoni. Lamulo limafuna kuti SIM iliyonse ilembetsedwe m'dzina la munthu, ndipo magulu a zaupandu amadziwa zimenezi. N'chifukwa chake amafunafuna wa chiphaso woti awalembetsere nambala, kapena woti alandire ndalama pa akaunti yake n'kutapa, iye n'kupatsidwa ya sopo. Kumudzi zimaoneka ngati kuthandiza mlendo kapena kaganyu kosavuta. M'kaundula wa kampani ya foni, dzina lokhala pa nambalayo ndi la mwini chiphaso. Tsiku lomwe ofufuza adzalumikize mafoni a milandu khumi ija n'kupeza nambala imodzi pakati pake, galimoto ya apolisi idzaima pakhomo pa amene anabwereketsa chiphaso chake pamsika, pomwe mwini ntchito ali ku Johannesburg kapena ku Nairobi ndi SIM ina yatsopano.